Dzanja Limene Linatsegulira Madzi ku Nyamatope

Albano Nyamitambo analowa ntchito pa esiteti ya nzimbe ya Nyansato ndevu zisanamere. Bambo ake anafera komweko, atapsa ndi moto wootcha nzimbe mphepo itatembenuka mwadzidzidzi, ndipo kampani inapereka malo awo kwa mwana, monga zinkachitikira masiku amenewo. Anampatsa chikwanje cha malemuwo, chigwiriro chake chitasalala kale ndi thukuta. Kunyumba anatsala ndi mlongo wake wamkulu, Rozita, amene ankamuphikira mpunga wa nsomba zouma ndi kumuzula timinga ta masamba a nzimbe m'manja akaweruka.

Ankakhala ku Nyamatope, mudzi wa antchito wamba, kumunsi kwenikweni kwa esiteti. Dzinalo silinali lonamizira. Mvula ikagwa, nkhuku zinkagona pamadenga. Kumtunda kunali fakitale, maofesi ndi nyumba za njerwa za mabwana, ndipo pakati pa zonsezi ndi mtsinje panali khoma lalitali la dothi lotchinga madzi.

Mkulu wa esiteti nthawi imeneyo anali Bwana Kintela, munthu wamfupi, wa khosi lofiira, amene ankagamula nkhani ali chiimire. Ofesi yake inkachita kangaude. Tsiku lina anapeza anthu ataunjikana pa ngalande yaikulu, chitseko cha madzi chitakanika kutseguka chifukwa cha chipika chimene chinapingasa pansi. Aliyense ankaopa ng'ona. Albano, akuchokera kodula nzimbe, thupi lonse lili bii ndi mwaye, anavula malaya n'kumira. Atavuuka nacho chipikacho, Kintela anamuloza ndi ndodo.

“Iwe wonga mphika wapamotowe, dzina?”

“Albano, bwana.”

“Chikwanjecho ukabweze. Kuyambira mawa uzigwira ntchito ya madzi.”

Nkhani inathera pomwepo. Umu ndi mmene Kintela ankachitira zonse. Ankakweza munthu m'mawa, wina n'kumuchotsa masana, mwina popanda chifukwa chomveka. Ankalakwitsa kawirikawiri, ndipo ankamenya makofi. Palibe amene ankamukonda. Koma chinthu chikaipa, anthu ankadziwa khomo loti aloze ndi dzina loti atukwane pomwa mowa wa nipa.

Albano anakulira m'madzimo. Anakhala kapitawo wa ngalande, anakwatira Felizarda, mtsikana wa kumapiri amene ankagulitsa buledi pachipata cha fakitale, nabereka naye mwana wamkazi, Lidiya. Rozita naye anakwatiwa ndi Zakariya, wodula nzimbe wa nthabwala zambiri, ndipo anatenga apongozi ake akazi, nkhalamba yopuwala miyendo, n'kumakhala nawo.

Kenaka esiteti inagulidwa ndi anthu ena. Kintela anapita, ndipo eni atsopanowo, amene palibe anawaonapo nkhope, anatsegula likulu lawo ku Beira n'kutumiza Bwana Makwakwa kudzayendetsa Nyansato. Uyu anali munthu wina ndithu: wofatsa, wophunzira, wopatsa moni ngakhale alonda. Sanakwezepo mawu, sanamenyepo munthu. Ndi iye amene anaitana Albano n'kumuuza kuti wasankhidwa kukhala mkulu wa madzi onse a pa esiteti. Anampatsa njinga yamoto, wailesi ya m'manja, nyumba ya njerwa kumtunda, ndi mpando pamsonkhano wa akuluakulu Lolemba lililonse.

Tsiku losamuka, Zakariya anathandiza kunyamula katundu uku akumugemula.

“Alamu, mwayamba kale kununkhira sopo wa mabwana. Tikabwera kudzacheza tizivula nsapato pachipata?”

“Nsapato zake ziti, alamu? Inu munavalapo nsapato?”

“Ndikagula mukandikweza. Paja tsopano muli ndi pakamwa kumwambako.”

Rozita sanaseke nawo. Anangoti, “Achimwene, mukakhala pampandopo musatiiwale ife achule.”

Chipinda cha msonkhano chinali chozizira ngati m'phanga, makina oziziritsa akung'ung'udza pakhoma. Masabata oyamba Albano ankalowamo mtima uli m'mwamba, poganiza kuti muno ndimo nkhani zimadulidwa. Pang'onopang'ono anazindikira kuti sizinali choncho. Bwana Makwakwa ankamvera aliyense mwachidwi, n'kugwedeza mutu, kenaka n'kunena kuti, “Mfundo yabwino kwambiri. Tiyione kaye.” Nkhani ikakhala yolemera, ankati, “Iyi tifunse ku Beira.” Ku Beira nako ankayankha kuti anthu a pamalopo ndi amene akudziwa bwino. Nkhani inkangoyenda uku ndi uku ngati nkhuku yosowa poikira, mpaka tsiku lina mumangoona chinthu chachitika, osadziwa amene walamula. Zina zinkadulidwa pakhonde msonkhano usanayambe, anthu awiri akunong'onezana, ndipo m'chipindamo munkangolowa kukavomereza.

Panali nkhani imodzi imene Albano ankaifuna kwambiri. Pa khoma la dothi lija panali zitseko ziwiri zazikulu zopumitsira mtsinje ukadzaza. Cha kum'mawa chinkatayira madzi m'minda ya kampani, mmene munalinso nyumba ya mapampu. Cha kumadzulo chinkatayira mu ngalande yakale imene inkadutsa m'mbali mwa Nyamatope kupita kudambo. Ngalandeyo inali itakwiririka ndi mchenga, ndipo anthu, posowa malo, anali atalimamo mpunga, ena kumangamo nyumba. Albano anapempha kuti ikumbidwenso.

“Mfundo yabwino kwambiri, shefi Albano,” anatero Makwakwa, pomutchula ndi dzina laulemu la akuluakulu. “Koma chaka chino sitinaikonzekere. Tidzaiike m'mapulani a chaka chamawa.”

Chaka chamawacho chitafika, anaikumbutsa. Anamuuza kuti a ku Beira akufuna kaye katswiri adzaione. Katswiriyo sanabwere. Ataidzutsanso kachitatu, anaona a Simango, mkulu woona za antchito, akuyang'ana kudenga, wina akumwetulira. Potuluka a Simango anamugwira paphewa.

“Shefi, ndikulangizeni ngati mnzanu. Muno munthu akamabwereza nyimbo imodzi, amayamba kutchedwa wovuta. Inu mwachokera kutali. Musadzitayire nokha.”

Albano anasiya kuitchula. Anaphunzira chiyankhulo cha m'chipindamo, ndipo anachiphunzira bwino. Rozita atamufunsa za ngalandeyo pa ubatizo wa mwana wina, anadzimva yekha akunena kuti, “Achemwali, nkhaniyo tikuiona.” Rozita anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kugawa mpunga.

Chaka cha chigumula, mvula inagwa kumapiri kosalekeza, pamene ku Nyansato kunkangowaza. Mtsinje unabwera wofiira, utasenza mitengo, madenga a udzu ndi ng'ombe zotupa. Albano anayenda pa khomalo m'mawa kutangocha, ndipo anapeza mbali ina dothi likutuluka thukuta, timadzi tikutumphuka kumbuyo kwake ngati kasupe. Khoma likayamba kutero, silichedwa. Likanagumuka lokha, madzi akanalowa paliponse, kufakitale ndi ku Nyamatope komwe. Panafunika kutsegula chitseko chimodzi dzuwa lisanafike pamutu.

Anathamangira ku ofesi matope ali m'mawondo. Makwakwa anaitanitsa akuluakulu onse. Albano anafotokoza ali chiimire, osafuna kudetsa mpando.

“Tikatsegula cha kum'mawa, tiwononga chiyani?” anafunsa Makwakwa.

“Nzimbe zonse za kumunsi, bwana, ndi mapampu.”

“Mapampu akamira, chaka chino kulibe kuthirira, kulibe kugaya,” anatero mkulu wa fakitale. “Eni ake akhoza kungotseka. Anthu onsewa adzadya chiyani? A ku Nyamatope omwewo?”

“Nanga cha kumadzulo?”

“Madzi sakwana mu ngalande ija, bwana. Asefukira m'mudzi.”

“Afika pati?”

“Sindingadziwe. Mwina m'chiuno. Mwina kuposa.”

“Nyumba za udzu zimamangidwanso,” wina anatero motsitsa mawu, ndipo palibe anatembenuka kuti aone amene wanena.

Makwakwa anatuluka kukaimba foni ku Beira. Anakhalitsa. Atabwerera, nkhope yake inali yotuwa.

“Akuti titeteze katundu wa kampani, komanso tionetsetse kuti pasavulale munthu.”

“Ndiye nditsegule chiti, bwana?”

Makwakwa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. “Shefi Albano, muno mulibe wodziwa madzi kuposa inu. Ine sindingakuphunzitseni ntchito yanu.”

“Madzi ndikuwadziwa, bwana. Koma apa si nkhani ya madzi. Mundiuze.”

“Mwamva zimene a ku Beira anena. Mwamva za fakitale. Ine ndimakukhulupirirani.” Anavala magalasi aja n'kumuyang'ana. Onse a patebulopo anamuyang'ana. Palibe anatchula kumadzulo, koma kumadzuloko kunali pankhope ya aliyense.

Albano anafunsa kuti, “Nanga anthu?”

“Anthu tiwauza,” anatero a Simango msanga. “Titumiza galimoto. Inu zimenezo zisakuvuteni, thamangirani kukhoma.”

Panjira anaimika njinga n'kuyesa foni ya Zakariya. Sinalowe, pakuti Zakariya anali kumunda ndi anzake, kumene mafoni sankagwira. Rozita analibe foni. Atafika pa chitseko cha kumadzulo, anaima dzanja lili pa chiwongolero chachitsulo. Kuchokera pamenepo ankatha kuona utsi wa ku Nyamatope ukukwera pamwamba pa nthochi. Unali utsi wa anthu amene akuphika, osati wa anthu amene akuthawa. Anauona ndithu. Kukafika kumudziko panafunika kuzungulira, chifukwa njira yachidule inali itamira, ndipo sanadziwe ngati khoma likanamudikira. Anatenga wailesi.

“A Simango, anthu achoka?”

Wailesi inakhosomola. “Nkhaniyo yasamalidwa, shefi.”

“Ndikufunsa ngati achoka.”

“Ndati yasamalidwa. Bwana akufunsa ngati mwayamba.”

Albano anadziwa mmene mawu otere amapangidwira, pakuti nayenso anali atawagwiritsapo ntchito. Komabe anasankha kuwakhulupirira. Anapotokola chiwongolerocho. Poyamba chinakana chifukwa cha dzimbiri, kenaka chinalola, ndipo madzi anatuluka ndi mkokomo umene unagwedeza dothi pansi pa mapazi ake.

Zimene zinachitika kumbuyo kwake anadzazimva pambuyo pake. A Simango anaimbiradi foni mlembi wa mudziwo, koma foniyo inali yothima, ndiye anatuma mlonda wina pa njinga yakapalasa, amene anabwerera panjira atapeza madzi. Galimoto imene inalonjezedwa inali itatengedwa kale ndi woyang'anira nyumba zosungira katundu, kukasamutsa matumba a feteleza, ndipo iyeyo anali atapempha chilolezo n'kupatsidwa. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wachita.

Madzi anafika ku Nyamatope masana, amuna ambiri ali kuntchito. Sanalekere m'chiuno ayi. Amayi anathawira pa zulu ndi m'mitengo ya mango, ana kumbuyo. Ena anakwera padenga la tchalitchi. Rozita anakweza ana ake mumtengo, n'kubwerera kukatenga apongozi ake aja osayenda. Anthu a mumtengomo anamuona akutuluka m'nyumba atawabereka kumsana, madzi ali m'khosi. Kenaka khoma la nyumba linagwa, ndipo sanamuonenso.

Albano anafika ndi bwato dzuwa litapendeka. Anapalasa pakati pa madenga, akutsitsa anthu m'mitengo, mpaka manja anatuluka matuza. Ana a Rozita anawatsitsa yekha. Wamkulu anangoti, “Amalume, amayi apita ndi madzi,” ngati akunena za munthu amene wapita kumsika.

Mitembo inapezeka m'bango madzi ataphwa: nkhalamba zingapo, ana, ndi amayi awiri. Rozita anapezeka nsalu yoberekera idakali yomangika pachifuwa. Kampani inapereka mabokosi, malata ndi matumba a ufa. Bwana Makwakwa anabwera kumaliro atavala zakuda, ndipo analira misozi yeniyeni. Zakariya, munthu wa nthabwala uja, sanayankhule ndi wina aliyense. Pamanda anangofika pafupi ndi Albano n'kufunsa chapansipansi.

“Alamu, ndi inu munatsegula?”

“Ndine.”

“Anakutumani ndani?”

Albano anatsegula pakamwa, koma dzina silinabwere.

Patapita masabata, ku Beira kunachokera anthu odzafufuza. Anakhala m'chipinda chozizira chija n'kumaitana mmodzimmodzi. Chodabwitsa n'chakuti palibe ananama. Makwakwa anati sanalamule kuti chitseko cha kumadzulo chitsegulidwe, ndipo zinali zoona. A Simango anati anaimba foni natumanso munthu, ndipo zinali zoona. Wa feteleza anati anali ndi chilolezo. A ku Beira anati iwo ananena momveka kuti pasavulale munthu. Za ngalande yosakumbidwa, anapeza kuti mkulu wa madzi anali atasiya kuitchula kwa zaka zingapo, ndipo izinso zinali zoona. Mlanduwo unagawikagawika tizidutswa tating'ono kwambiri moti palibe kamene kakanalemera munthu, kupatula kamodzi kokha: dzanja limene linapotokola chiwongolero.

Albano anali womaliza kuitanidwa. Akudikira pakhonde, wantchito wophika tiyi anamupatsa moni wachisoni n'kumufunsa kuti nyumba atuluka liti, poti anauzidwa kuti akaikolope wolowamo asanafike. Apo ndi pamene anadziwa kuti nkhani yake inadulidwa kale. Analowabe, nayankha mafunso onse. Pomaliza Makwakwa anamugwira dzanja ndi manja awiri.

“Shefi Albano, izi sizikuchokera kwa ine. Mukudziwa mmene ndimakulemekezerani.”

“Zikuchokera kwa yani, bwana?”

“Ndi mmene zagamulidwira.”

Felizarda anafuna kuti apite kwawo kumapiri tsiku lomwelo.

“Bambo a Lidiya, pano tatha. Kumtunda atitaya, kumunsi akutiona ngati afiti. Tikudikira chiyani?”

“Ana a mlongo wanga ali pano.”

“Ali ndi bambo awo. Mukuganiza kuti iwowo akufuna kuona nkhope yanu?”

Koma Albano anakana. Anamanga kanyumba m'mphepete mwa malo atsopano amene anthu a ku Nyamatope anapatsidwa, n'kumakonza njinga ndi mijigo. Anthu ankabwera nazo njinga zawo popeza panalibe mmisiri wina, koma sankakhala pansi kucheza. Amayi akamadutsa ankakoka ana awo. Chaka chimenecho nzimbe za kumunsi zinabereka bwino, fakitale inagaya usana ndi usiku, ndipo Bwana Makwakwa anakwezedwa kupita ku likulu.

Mvula ina itadutsa, kunabwera loya wachizimayi wochokera ku bungwe lina lothandiza anthu osauka. Anasonkhanitsa ofedwa n'kuwauza kuti kampani ikhoza kuimbidwa mlandu. Koma anawachenjeza kuti kampaniyo idzanena kuti wantchito wake anachita za m'mutu mwake ndipo analangidwa kale. Chofunika chinali umboni wakuti lamulo linachokera kumwamba.

Tsiku lotsatira Zakariya anafika pa kanyumba ka Albano, koyamba chimwalirire Rozita. Anali ataonda, tsitsi litachita mbuu. Anakana mpando.

“Alamu, sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kudzapempha kanthu kamodzi. Mukanene kukhoti kuti Makwakwa anakuuzani kuti mutsegule.”

“Sanandiuze, alamu.”

“Aaa, inu! Ndiye munangolota?”

“Ankafuna nditsegule. Onse ankafuna. Koma pakamwa pake sipanatuluke mawu amenewo. Ndinamufunsa kawiri.”

“Ndiye kusiyana kwake n'kotani? Munthu akakulozera chitsime ndi maso, iwe n'kugweramo, sanakukankhe?” anatero Zakariya. “Iwowo akhala akunama chiyambire. Inu bodza limodzi lokha likukukanikani? La mlongo wanu?”

“Sananame, alamu. Ndicho chimene chikundidya. Palibe ananama.”

“Ana aja amandifunsa kuti anapha amayi awo ndani. Ndiziwauza kuti amalume awo? Tithandizeni, tipeze munthu wina woti tiloze.”

Zakariya atapita, Felizarda anatuluka m'nyumba, poti anamva zonse.

“Kaneneni zimene akufunazo,” anatero. “Mulungu akudziwa kuti bwana uja ndi wolakwa. Mukatero mwina anthuwa adzatipatsanso moni.”

Masiku otsatira Albano anasiya kudya bwino. Ankakhala ndi njinga ya munthu pamiyendo, sipanala m'manja, osamanga kanthu. Loya uja anabwera kudzamukonzekeretsa, ndipo sanamuuze kuti aname. Anangoti, “Bambo, mukumbukire bwino. Mwina panali mawu amene mwaiwala.” Albano anafufuza m'mutu mwake mmawa wonse uja, mawu ndi mawu, akulakalaka atapezamo lamulo. Anapezamo magalasi akupukutidwa, ndi utsi pamwamba pa nthochi.

Mlandu unalowa m'khoti la paboma. Anthu a ku Nyamatope anadzaza mabenchi, ena kusuzumira pamawindo. Makwakwa sanabwere, kampani inatumiza loya wake, mwamuna wa mawu osalala. Albano atalumbira, loyayo anaimirira.

“Bambo Nyamitambo, kodi mkulu wa esiteti anakuuzani kuti mutsegule chitseko cha kumadzulo?”

Albano anaona Zakariya pabenchi yakutsogolo, chipewa chili m'manja.

“Sananene.”

Anthu anabuula ngati amenyedwa pamimba.

“Alipo wina amene anakuuzani?”

“Palibe ananena.”

“Ndiye chinakuchititsani n'chiyani?”

“Anandiyang'ana.”

“Anakuyang'anani.” Loyayo anatembenukira kwa woweruza, n'kutambasula manja. Penapake kumbuyo munthu anaseka, kuseka kowawa.

Albano anayesa kupitiriza. Anafotokoza za ngalande imene anaipempha mpaka kutopa, za foni ya ku Beira, za galimoto ya feteleza, za mawu akuti nkhaniyo yasamalidwa. Anati m'chipinda chija munthu salamulidwa, amangosiyidwa yekha ndi khomo limodzi lotseguka. Anawonjezanso chimene palibe anamufunsa: kuti utsi wa m'mudzimo anauona, ndipo anatsegulabe. Woweruza analemba zina, zina sanalembe. Loya wa anthuwo anayesetsa kumanga mlandu pa ngalande ndi pa galimoto, koma nkhaniyo inaimitsidwa kuti idzapitirire tsiku lina. Tsikulo litafika inaimitsidwanso. Bungwe lija linasamukira kuchigawo china, ndipo anthu anatopa kuyenda ulendo wa kuboma.

Potuluka m'khoti tsiku loyamba lija, mayi wina amene anataya mwana anamulavulira Albano pamalaya. Iye sanapukute. Zakariya anamudutsa ngati akudutsa mtengo.

Sabata yomweyo anthu anasiya kubwera ndi njinga. Ankalolera kuzikankha mpaka kumsika wakutali. Tsiku lina m'mawa Felizarda anapeza nkhuku zawo zonse zitapotoledwa makosi, zitaunjikidwa pakhomo. Ulendo uno sanafunsenso. Anamanga katundu, ndipo Albano anamutsatira.

Kumapiri, kwawo kwa mkazi wake, anapatsidwa kamunda pamalo otsetsereka, ka miyala, kumene madzi saima. Ankalima chinangwa ndi mapira. Anthu a kumeneko ankamudziwa ngati mkamwini wofatsa amene kale ankagwira ntchito ku nzimbe, ndipo iye sanawonjezepo kanthu. Atamupempha kuti akhale m'komiti ya mjigo wa pamudzipo, anakana. Atamupempha za kutchalitchi, anakananso. Lidiya anakwatiwa ku Beira, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo.

Nthawi yokolola iliyonse ankatumiza thumba la mapira kwa ana a Rozita, kudzera mwa woyendetsa lole wina wodziwana naye. Zaka zoyamba thumbalo linkabwerera losamasula. Kenaka linasiya kubwerera, koma mawu sanabwere nalo. Albano sanadziwe ngati ankalandira ndi Zakariya, kapena ana, kapena woyendetsa loleyo ankangodya yekha. Sanafunse.

Anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa kwa miyezi ingapo. Felizarda anatumiza uthenga ku Nyansato. Ku kampani sikunachokere munthu, pakuti mwa akuluakulu a nthawi imeneyo panalibenso womukumbukira. Ku Nyamatope kunachokera mmodzi yekha, mwana wamkulu wa Rozita, amene tsopano anali bambo wa ana ake, wodula nzimbe ngati atate ake. Anafika mwambo uli mkati, anathira nawo dothi, ndipo atafunsidwa ngati ali ndi mawu oimira akuchimuna, anapukusa mutu. Anadya pang'ono, natsanzika kwa Felizarda mwaulemu, n'kutsika phiri kukakwera lole ya masana, chifukwa m'mawa mwake ankayenera kukhala ali m'munda.